Musanapereke simenti pangongole ku Mvurwi, funsani za njerwa



Tikamva Mvurwi ambiri timangoganiza za fodya. N'zoona, tawuniyi, yomwe ili makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare, imadya fodya. Agogo athu ambiri ankagwira ntchito m'mafamu akumeneko kudakatchedwa Umvukwes, ndipo mpaka lero ukapereka moni m'Chichewa pamsika susowa wokuyankha. Chigawireni mafamu kuyambira 2000, alimi ang'onoang'ono achuluka, aliyense akufuna balani lake ndi nyumba yamalata. Misika ya fodya ikatsegulidwa mu Malichi, ndalama zimathamangira kwa amisiri omanga. Ife timawaperekera simenti, malata ndi misomali, kawirikawiri pangongole.

Langizo langa ndi ili: ngongole muzipereka kwa mmisiri amene ntchito yake siyidalira kugwetsa mitengo. Sindikulalikira za chilengedwe ayi, ndikunena za ndalama zanu.

Chaka chatha ndinasiyira mmisiri wina matumba 40 a simenti. Njerwa zake ankawotcha yekha ndi mitengo yachilengedwe ya m'phiri. Nkhuni pafupi zinatha kalekale chifukwa mabalani a fodya nawo amadya zomwezo, ndiye ankachita kulipira thirakitala kukazitenga kutali. Tsiku lina anagwidwa nazo alibe chilolezo. Faindi inadya ndalama ya mwini nyumba, uvuni unakhala wosawotcha mpaka mvula inausungunula, ntchito inaima. Ine ndinalondola ndalama yanga miyezi isanu ndi iwiri.

Mmisiri wina, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza, ali ndi kamakina kopanira njerwa ndi manja. Amasefa dothi, kusakaniza ndi simenti pang'ono, kupana, kenaka kumazithirira madzi pamthunzi mpaka zitalimba. Nkhuni sagula ngakhale mtolo umodzi. Amadziwanso kumanga mabalani aja amati rocket barn, omwe amadya nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi akale. Mlimi akamva zoti nkhuni zake zikhalitsa, amauza mnzake. Bambo ameneyu ntchito zimachita kumudikira, ndipo ine sanandizengerezepo.

Ndikudziwa ena muti, "Simenti ndi yodula, mlimi wa fodya wochepa angakwanitse?" Zoona, njerwa yowotcha imatchipa pogula. Koma werengani zonse. Zina zimatuluka mu uvuni zosapsa, zina zimasweka pamsewu wafumbi, zotsalazo n'zokhotakhota moti zimamwa simenti yambiri pomanga ndi populasitala. Njerwa yopana ndi buloko la simenti zimakhala zofanana, khoma limakwera msanga. Pomaliza kutchipa kuja kumakhala kwa pakamwa chabe.

Komwe mphepo ikulowera tikukuona tonse. Kwathu ku Malawi, bungwe la NCIC linaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zowotcha pa ntchito za boma ndi zomanga zikuluzikulu, ndipo amene anagula zikombole za mabuloko msanga ndi amene anayamba kudya ntchitozo. Ku Zimbabwe nako a EMA ndi a Forestry Commission amalipiritsa wokumba mchenga ndi wonyamula nkhuni popanda chilolezo.

Madalaivala, apa ndi panu. Mukatsitsa katundu, wina adzakunyengererani kuti thiraki isabwerere yopanda kanthu, mutengeko nkhuni kapena mchenga wa kumtsinje. Ayambe wakuonetsani pepala. Ndalama ya ulendo umodzi singalipire masiku omwe thiraki idzagone m'manja mwa boma, ndipo abwana sadzamva zoti munkangothandiza.

A geni, musanatsitse thumba limodzi, pitani komwe mmisiri akumanga. Onani njerwa zake, funsani komwe akutenga mchenga ndi milimo ya denga, kaya ndi bulugamu wodzala kaya wakuba. Kambiranani ndi alimi awiri omwe anawamangira. Ngati yankho likuzungulira, alipiretu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene mwagulitsapo zomangira cha ku Guruve ndi Centenary, tiuzeni ngati nakonso zili chimodzimodzi. Muyende bwino, Mulungu akuteteze pamsewu.