Lupaso Sanabatizidwe Kachiwiri

Pali nthenda imene yalowa m'kamwa mwa ana athu ophunzira, ndipo popeza siwawitsa mutu kapena kutenthetsa thupi, akuluakulu angoyang'ana kumbali. Koma ine, amene ndimamva m'minibasi ndi pa wayilesi momwe mayina a malo athu akutchulidwira, sindingathe kukhala chete. Dzina lakuti Lupaso, limene agogo a kuno ku Mzuzu amalitsiriza ndi o woyera ndi wokhazikika, likutuluka m'milomo ya ena ngati Lupasou, Katoto wasanduka Katoutou, ndipo owulutsa mawu ena, amene anayenera kukhala alonda a chiyankhulo, ndiwo akutsogolera gululo.

Gwero lake n'lodziwika. Mngerezi akamati go, day kapena house, lilime lake limayamba pa liwu lina n'kutsetsereka kufika pa lina m'phatikizo limodzi lomwelo, ndipo umenewo ndi mwambo wa chiyankhulo chake, umene sindiunyoza. Koma Chichewa ndi Chitumbuka zili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limaima nji pamalo pake kufikira litatha. Awiri akakumana, lililonse limalandira nthawi yake, kapena pakati pawo pamalowa y kaya w. Buku Lopatulika la 1922 linalemba mau, ambiri lero amalemba mawu, koma aliyense woyamwa Chichewa amatchula maphatikizo awiri. Tayesani Mchengautuwa: m-che-nga-u-tu-wa, maphatikizo asanu ndi limodzi, u ali payekha pakati. Womeza u ameneyo kuti amveke wa kunja wachotsa nthiti m'dzina la eni ake.

Makolo athu, amene ena amawayesa mbuli, anali ndi khutu lakuthwa kuposa ife, pakuti pamene anakumana ndi mawu a azungu sanapinde lilime lawo, koma anapinda mawuwo: kumene kutsetsereka kunali kochepa anakuwongola, natipatsa keke, sopo, foni ndi tebulo, ndipo kumene kunali kwakukulu anakudula pawiri, natisiyira tayi, layini ndi wayilesi. Mayi wogulitsa tomato pa msika amene amafunsa sopo sakulakwitsa Chingerezi ayi. Akuyankhula Chichewa cholongosoka.

Ena adzandiyankha kuti Chingerezi ndicho chitsegula makomo, kuti kuyambira 2014 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuchokera Sitandade 1, ndi kuti mwana wa ku Lupaso wofuna kukalowa pa Yunivesite ya Mzuzu, pa Luwinga pomwepa, ayenera kuchidziwa bwino. Ndivomera ndi mtima wonse, ndipo chifukwa chake ndikuti achiphunzitsidwe moona. Mwana amene khutu lake linaleredwa pa malembo asanu samva msanga kusiyana kwa let ndi late, kapena pen ndi pain, ndipo chimene asowa ndi mphunzitsi wodekha womuonetsa kumene lilime liyambira ndi kumene lithera, namuuza poyera kuti lamulo limeneli ndi la Chingerezi chokha, lisadutse malire. M'malo mwake mwanayo amasekedwa ndi anzake, nthawi zina ndi mphunzitsi yemwe, ndipo pofuna kuthawa manyazi amayamba kutsetsereka paliponse, ngakhale pa dzina la atate ake. M'mera mpoyamba, wochititsidwa manyazi ali wamng'ono adzakula akuda kamwa la amake.

Buku la Oweruza limatiuza za anthu a Efraimu 42,000 amene anaphedwa pa madooko a Yordano chifukwa cholephera kutchula liwu limodzi monga a ku Gileadi. Ife sitipha ndi lupanga, koma timayesa nzeru za munthu ndi kapindidwe ka milomo yake, ndipo ndikudabwa kuti zimenezi zikuchitikanso kuno kumpoto, kumene anthu sanaiwale kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'masukulu, ndi kuti chinabwerera pa wayilesi mu 1994. Amene anamva kuwawa kwa kulandidwa lilime ndi lamulo asalitaye okha chifukwa cha matama.

Tsono ndikupempha eni nyumba zoulutsira mawu kuti asanapatse mnyamata maikolofoni, ayambe amuwerengetsa mayina a madera a Mzuzu pamaso pa nkhalamba ya ku Lupaso kapena ku Chibavi, ndipo nkhalambayo ikapukusa mutu, abwerere akaphunzire.