Kiyi wa chitseko chimodzi, osati wa nyumba yonse

Mu 2013 dziko lathu linadzidzimuka ndi nkhani ya Cashgate. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Akubawo sanathyole chitseko. Analowa mu IFMIS, makompyuta olumikizana omwe boma limalipirira ndalama, nalipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta umboni. Olowamo ankatha kuchita zambiri kuposa zimene ntchito yawo inkafuna.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi kuno ku Lakeview tisaganize kuti izi n'za ku Capital Hill kokha. Sukulu zina zimene tikaphunzitseko, kuno ku Ntcheu ndi kwina, zikusunga malikisi a ana ndi mayina a olipira fizi pa kompyuta. Password ikakhala imodzi, yodziwa aliyense mu staff room, ndiye kuti aliyense wagwira kiyi wa nyumba yonse.

Njira yabwino ilipo. Mu 1966 akatswiri awiri, Jack Dennis ndi Earl Van Horn, anafotokoza ganizo lotchedwa capability: munthu apatsidwe chilolezo cha chinthu chimodzi ndi ntchito imodzi basi. Mayunitsi a ESCOM amatiphunzitsa zomwezi. Manambala 20 aja amagwira pa mita imodzi, kamodzi kokha. Mutha kutuma mwana kuti akalowetse, koma sangayatsire magetsi a neba, ndipo sakhudza ndalama zotsala mu Mpamba wanu.

Kusukulu zikhalenso chimodzimodzi. Mphunzitsi wa masamu alembe malikisi a masamu a kalasi yake yokha. Wophunzira aone zotsatira zake, koma asathe kuzisintha. Amene ali pa teaching practice apatsidwe chilolezo chotha pamodzi ndi teremu. Ngakhale Google Drive imalola kugawa fayilo kuti ena angowerenga, n'kudzawachotsa nthawi ikakwana.

Ena anena kuti kumeneku n'kusakhulupirirana pakati pa abale ndi alongo. Ife tikuti ayi, n'kutetezana. Malikisi a mwana wa Fomu 3 akasinthidwa usiku, onse odziwa password amasanduka oganiziridwa, okhulupirika omwe, ndipo mwanayo amabwereza kalasi popanda woyankhapo. Aliyense akakhala ndi kiyi wake, wosalakwa savutika kudziyeretsa.

Choncho ahedi akadzatipatsa password yawo pa tsiku loyamba, tidzathokoze mwaulemu, koma tidzapemphe chilolezo cha kalasi yathu yokha.