NDALAMA YA UKALAMBA ISAGONE M'CHITINI

Lero tikambirane za makolo athu a ku Ulongwe, Domwe, Calomue ndi midzi yonse ya m'malire amene adapuma pa ntchito ndiponso amene mphamvu zolimira munda waukulu zawathera. Ena adali aphunzitsi ndi anamwino, ena asilikali, ena adakalambira ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Zimbabwe. Koma ambiri ndi alimi, amene reforma yawo ndi khola ndi nkhokwe basi. Onsewa vuto lawo ndi limodzi. Mnyamata akaluza pa mbatata chaka chino, chaka chamawa alimanso. Agogo akataya ndalama yawo, palibe dzinja lina loti adzaibweze.

Makolo ambiri amakhulupirira kuti ndalama ili pabwino ikakhala m'chitini chokwirira pansi kapena m'nsalu yomanga pansi pa mphasa. Sitikuwaseka, chifukwa amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, nabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, adaphunzira kudalira chokhacho chimene angathe kunyamula. Koma chitini nachonso chili ndi mbala zake, ndipo mbala yaikulu sithyola chitseko.

Takumbukani. Pa 1 Julayi 2006 boma lidabweretsa metikali yatsopano, kontu imodzi yakale nkusanduka metikali imodzi. Banco de Moçambique idapereka mpata wosintha ndalama zakale kufikira kutha kwa chaka cha 2012. Amene adafukula chitini chawo pambuyo pake adapeza mapepala oyatsira moto. M'chaka cha 2016, ngongole zobisika zitaululika, dola imene inkagulidwa pafupifupi mametikali 45 idadutsa 70, mitengo ya sopo, mafuta ndi feteleza nkukwera nayo limodzi.

Ife a m'malire tili ndi msampha wina, chifukwa timagwira ndalama ziwiri. Timagulitsa mbatata, nyemba ndi kabichi ku Lizulu ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu, nkubwera ndi makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu Novembala 2023 idagwetsedwanso, dola nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Agogo amene adasunga makwacha a mbatata kuti adzagule feteleza adagona olemera nkudzuka osauka, chitini chili chotsekabe. Choncho tikuti: ndalama ya tsidya lina igwiritseni ntchito msanga, kapena isintheni ikhale ndalama imene mudzagulire zinthu. Musaigoneke miyezi.

Nanga ndalama ya ukalamba ikhale kuti? Ife tikuti igawidwe patatu.

Gawo loyamba ndi chakudya. Aliyense akudziwa kuti chimanga chimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni, nkukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Wolandira reforma agule chimanga ndi nyemba za chaka chonse nthawi yokolola, athire mankhwala a nankafumbwe, atseke. Mlimi wokalamba asatengeke ndi ogula oyenda ndi masikelo m'midzi asanawerenge matumba okwanira banja lake kufikira zokolola zina. Chilala cha 2024 chidatikumbutsa kuti thumba limene udagulitsa motchipa umadzaligulanso modula.

Gawo lachiwiri ndi ziweto. Kuno ku Angónia ng'ombe ziwiri ndi ngolo ndi chuma chimene chimagwira ntchito mwini wake ali khale: zimatuta mbatata, njerwa ndi manyowa a anthu ena, ndalama nkumalowa pang'onopang'ono. Mbuzi ndi nkhuku zimagulitsika msanga pakagwa matenda kapena maliro. Koma musaike zonse pa mtundu umodzi. Chigodola, chimene sichisowa m'boma lathu lino, chimasesa khola la nkhumba sabata imodzi, chitopa chimamaliza nkhuku, ndipo akuba ng'ombe amadziwa bwino njira zodutsira malire usiku. Katemera ndi khola lolimba pafupi ndi nyumba ndi mbali ya mtengo wa chiweto.

Gawo lachitatu ndi ndalama ya pangozi, yokwanira galimoto yopita ku chipatala, mankhwala ndi chakudya cha wodikirira wodwala. Imeneyi ikhale ku banki ku Ulongwe, kapena pa foni, kaya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kapena ku gulu la poupança la m'mudzi limene lili ndi buku lolembamo ndi bokosi la makiyi angapo. Nayonso mitengo ikakwera imachepa mphamvu, nchifukwa chake tikuti ikhale gawo chabe, koma chiswe, moto ndi kusintha kwa ndalama siziipeza. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya khadi ndi ya mwini yekha. Ngati maso akuvuta, sankhani mwana mmodzi wokhulupirika, ndipo muzipita naye limodzi. Wina akaimba foni kunena kuti mwapambana mphoto, kapena kuti wakutumizirani ndalama molakwitsa, dulani foniyo.

Tichenjezenso za anthu a pakamwa pokoma. Munthu akangolandira ndalama yochuluka nthawi imodzi, abale amene sadaoneke zaka khumi amatulukira ndi nzeru za bizinesi: uyu akufuna njinga yamoto ya kabaza, uyo chigayo, winayo akuti tikongoze anthu mwa katapila ndalama ibereke kawiri pa mwezi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bizinesi imene agogo sangathe kuiyang'anira ndi maso awo ndi mphatso imene apereka osadziwa. Kuthandiza mwana si kulakwa, koma perekani chokhacho chimene chitapanda kubwerera simugona ndi njala, ndipo ngongole ilembedwe pamaso pa mboni.

Munda nawo musautaye. Malamulo a dziko lino amati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma ufulu wolima pamenepo ndi wanu ndipo umapita kwa ana. Mphamvu zikachepa, ndi bwino kubwereketsa mbali ya munda kwa nyengo imodzi, a mfumu akudziwa, kusiyana ndi kulandira ndalama ya tsiku limodzi nkukhala mlendo m'mudzi mwanu. Nenaninso poyera, mukadali moyo, za ng'ombe, nyumba ndi munda, kuti amayi otsala asadzalandidwe katundu maliro asanazizire.

Kwa inu amene mudakali ndi mphamvu, reforma siyamba tsiku limene mwendo wayamba kuwawa. Ku INSS wolembedwa ntchito amadulidwa 3 pa 100 ya malipiro, bwana nkuonjezera 4. Wodzilemba yekha, monga wa geni, telala kapena kalipentala, angathenso kulembetsa nkumapereka yekha 7 pa 100. Malamulo a 2017 adaika miyezi 240 yopereka kuti munthu alandire penshoni yonse. Zaka makumi awiri zimaoneka zambiri, koma amene adabzala bulugamu atabwera kothawa nkhondo adayamba kale kudula milimo. Funsani ku ofesi ngati ndalama imene amakudulani ikufikadi.

Pomaliza tilankhule ndi akuluakulu a boma. M'chaka cha 2018 thandizo la INAS kwa nkhalamba yokhala yokha lidaikidwa pa mametikali 540 pa mwezi. Ndalama yochepa chotere ikachedwa miyezi, imakankhira agogo kwa a katapila, ndipo ikadzafika imakhala ya eni ngongole. Wa penshoni naye amayenera kukaonekera chaka chilichonse pa prova de vida, apo ayi malipiro amaimitsidwa. Kwa munthu wa kumidzi ya kutali ulendo umenewu umadya gawo la penshoni yomweyo. Tikupempha kuti thandizo lizifika pa nthawi yake, ndipo ogwira ntchito azifika okha m'malokalidadi kukaona nkhalamba ndi kuzithandiza kupeza bilhete.

Ana ndi adzukulu odziwa kuwerenga, awerengereni agogo tsamba lino madzulo ano, kenaka muwerenge nawo matumba ali m'nyumba, ziweto zili m'khola ndi ndalama ili m'chitini. Imene ili m'chitinimo ituluke sabata ino.