Wotchi si ng'ombe, siiswa

Amalume anga amalima fodya wa bale kumapiri a ku Ntchisi, ndipo ulendo uno Mulungu anawaona. Mabelo awo anayenda bwino ku okushoni ya ku Kanengo, ngongole ya feteleza inadulidwa, nkutsala kangachepe koti munthu amwetulire. Tinakumana pa Mponela, iwo akudikira galimoto yokwera kumudzi, ine ndikubwerera ku Lilongwe. Moni tisanamalize nkomwe, anapinda mkono wa malaya nkundionetsa chinthu chonyezimira, cholemera ngati mwala wa pa sikelo.

"Mphwanga, iwe unapitako kusukulu. Tawerenga apa."

Ndinawerenga: TAG Heuer, Carrera, Swiss Made. Ndinafunsa mtengo. Anati ndalama ya mabelo awiri. Wowagulitsa anali mnyamata wa tayi ndi chikwama chakuda, wolankhula mwaulemu kwambiri. Anawauza kuti imeneyi ndi wotchi ya akatswiri a mpikisano wa magalimoto ku Ulaya, yabwera kudzera ku Johannesburg, mwini wake wapanikizika ndiye akuitaya motchipa. Koma mawu amene anawagwira mtima amalume ndi otsiriza. Akuti: "Bambo, kwacha imagwa, wotchi iyi siigwa. Pakatha zaka ziwiri mudzaigulitsa kuwirikiza."

Ndinaitenga m'manja nkudina kabatani kam'mwamba, kamene pa wotchi yamtunduwu kamayenera kuyambitsa muvi wowerenga masekondi. Palibe chinasuntha. Ndinadina kam'munsi, zii. Timivi ta m'timawotchi titatu tating'ono ta m'katimo tinali tongomata ngati maso a chidole. Pakamwa panandiuma. Mumauza bwanji malume wanu, pagulu, pa depoti, kuti mabelo awiri apita ndi mphepo?

Sindikulemba izi kuti tiwaseke. Amene akuseka ayambe wayang'ana pa mkono pake, chifukwa ma Rolex a K15,000 adzaza m'maofesi ndi m'makalasi m'tauni muno. Komanso maganizo a amalume sanali opusa ai. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mlimi wa fodya amalandira ndalama yake pakati pa chaka, koma feteleza amamufuna mvula ikayandikira, ndipo pakati pa miyezi imeneyo mtengo wa thumba sudikira munthu. Ndiye munthu akamafunafuna pobisa ndalama yake kuti isasungunuke, akuganiza bwino. Mnyamata wa tayi uja anadziwa pamene pali bala, nkukanikiza pomwepo.

Tiyeni tione kaye chimene chimagulitsidwa munthu akamagula wotchi yeniyeni ya dzina limeneli, pakuti ngakhale ena mwa inu a geni amene mumaoda zinthuzi ku Dar es Salaam ndi ku Dubai simudziwa nkhani yake.

Kampani ya Heuer inayambitsidwa ndi Edouard Heuer mu 1860 ku Saint-Imier, kumapiri a dziko la Switzerland. Inatchuka ndi mawotchi oyezera nthawi pa mipikisano. Mu 1963 Jack Heuer, wa m'banja lomwelo, anatulutsa wotchi yotchedwa Carrera. Dzinalo analitenga ku Carrera Panamericana, mpikisano wa magalimoto umene unkadutsa dziko la Mexico kuyambira 1950 mpaka 1954, ndipo unaleka utapha anthu ambiri, oyendetsa ndi oonerera omwe. Chaka chomwecho cha 1963 a Rolex nawo anatulutsa wotchi imene lero timaitcha Daytona, dzina la malo a mpikisano ku Florida, ku America. Mu 1969 a Heuer anabwera ndi Monaco, ya makona anayi, imene Steve McQueen anavala mu filimu ya Le Mans ya 1971. Zilembo za TAG zinawonjezedwa mu 1985 kampaniyo itagulidwa, ndipo kuyambira 1999 ili m'manja mwa LVMH, kampani ya ku France yogulitsa zinthu za anthu olemera. Ayrton Senna wa ku Brazil, amene anafera pa mpikisano ku Imola pa 1 May 1994, makolo athu kuno akukonzekera kukavota pa 17 May, ankavala TAG Heuer.

Masiku amenewo a m'ma 1960 wotchi yotere inali chida cha ntchito, ngati sikelo kwa wogula soya. Mukaona manambala ozungulira m'mphepete mwa galasi, amene amawatcha tachymeter, ntchito yake ndi iyi: mudina batani galimoto ikamadutsa chikwangwani cha kilomita, mudinanso ikafika pa chotsatira. Muvi ukaima pa masekondi 30, nambala ya m'mphepete ikuuzani 120, ndiye kuti makilomita 120 pa ola. Ukaima pa 45, ndi 80. Pa mawotchi ambiri otere manambalawo amathera pa 60. Tsono taganizani lole yodzaza mabelo ikukwera chitunda cha ku Dowa, utsi kumbuyo, wothandizira atanyamula mwala woti atsekere tayala. Muvi udzazungulira nkumaliza manambala onse loleyo isanafike pa theka la kilomita. Za ngolo ndi kabaza ndiye tisanene.

Mwina wina anena kuti chabwino, liwiro tilibe, koma nthawi yokha wotchi ya ku Switzerland imasunga bwino kuposa zina. Bodza limenelo. Mawotchi odula kwambiriwa ambiri sayendera batire, amayendera sipuling'i ndi timagiya, ndipo imene yapatsidwa satifiketi ya bungwe la COSC loyesa mawotchi ku Switzerland imaloledwa kuchedwa masekondi 4 kapena kufulumira masekondi 6 pa tsiku. Casio F-91W, kapulasitiki kakuda kaja kamene kanatuluka mu 1989 ndipo ambiri tinalembera nako mayeso a Fomu 4, kamaphonya masekondi osapitirira 30 pa mwezi wathunthu. Werengani nokha. A ku Switzerland akudziwa zimenezi kuposa ife, chifukwa zinawapweteka. Kampani ya Seiko ya ku Japan itatulutsa wotchi ya quartz mu December 1969, mafakitale awo anayamba kutsekedwa, ndipo ogwira ntchito za mawotchi anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika cha m'ma 30,000 pakati pa zaka za m'ma 1980. Ataona kuti pa kusunga nthawi agonja, anasintha katundu. Anayamba kugulitsa mbiri: McQueen, Senna, Monaco, fungo la matayala. Ndi chifukwa chake mu 2025 a TAG Heuer anabwereranso kukhala osunga nthawi a mpikisano wa Formula 1, kulanda malo amene a Rolex anagwira kuyambira 2013. Sanalipire ndalama zimenezo chifukwa oyendetsa amayang'ana pa mkono akuthamanga. Nthawi ya mpikisano lero imawerengedwa ndi makompyuta.

Kugulitsa mbiri si mlandu. Ngakhale wogulitsa chitenje pa Tsoka amadziwa kuti dzina limakweza mtengo. Koma tiyeni tiike mtengowo m'chilankhulo cha kwathu. Rolex Daytona ya chitsulo wamba, osati ya golide, mu 2024 inali pafupifupi madola 15,000 m'sitolo zovomerezeka. Tiyerekeze kuti fodya wagulidwa pa madola atatu pa kilo, mtengo umene mlimi wa bale amavina nawo, ndipo belo likulemera makilo 100. Wotchi imodziyo ndi mabelo 50, tisanachotse za mayendedwe, za okushoni, feteleza ndi aganyu. Carrera yatsopano yokhala ndi mabatani aja imaposa madola 5,000, kunena kuti mabelo oposa 16. Ndiye munthu akakubweretserani yomweyo pa mtengo wa mabelo awiri, pali zinthu ziwiri zokha: kapena ndi yabodza, kapena ndi yakuba. Yoyamba ikusaukitsani, yachiwiri ikugonetsani m'chitolokosi.

Nanga zoti wotchi siigwa mtengo? Bodza labwino limakhala ndi kachoonadi m'kati. Ndi zoona kuti Daytona ya Paul Newman inagulitsidwa madola 17.8 miliyoni pa okushoni ku New York mu October 2017, ndipo Monaco ina imene McQueen anavala mu filimu ija inapita pa madola 2.2 miliyoni mu 2020. Koma ogulawo ankagula mkono umene unavala, osati chitsulocho. Ndi zoonanso kuti mitundu yochepa ya Rolex imagulitsidwa modula ikakhala yakale kuposa m'sitolo, chifukwa imasowa. Komabe ngakhale imeneyo mitengo yake inakwera mpaka kumayambiriro kwa 2022 kenaka nkutsika, ndipo amene anagula pamwamba analira. Mawotchi ena ambiri amataya mtengo tsiku limene atuluka m'sitolo, ngati galimoto.

Ndipo tinene kuti amalume akanapeza yeniyeni, ya mapepala ake ndi bokosi lake. Akanakaigulitsa kwa yani? Chuma chosungira ndalama chimafunika msika wake pafupi. Ng'ombe mukhoza kuigulitsa Loweruka lililonse, wogula amaiona mano, amaigwira nthiti, mtengo mumvana pomwepo. Thumba la soya kapena la mtedza likhoza kudikira mtengo m'nyumba. Malata akakwera padenga, mvula siifunsa kuti kwacha ili pa zingati. Koma wotchi ya madola 5,000 pa Madisi kapena pa boma la Ntchisi ndani angaitsegule nkutsimikiza kuti ndi yeniyeni? Tsiku la vuto, mwana ali m'chipatala, mudzaipereka kwa wakatapila pa mtengo umene iye wanena. Kuwonjeza apo, wotchi ya timagiya imafuna kuphwasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zingapo, ndipo ntchito imeneyo imalipiridwa madola mazanamazana. Amisiri athu a pakhonde ndimawalemekeza, batire ndi lamba amasintha bwino, koma iyi si ntchito ya pakhonde. Ng'ombe imadya udzu nkuswa. Wotchi imadya madola, ndipo madolawo m'dziko muno mukudziwa mmene amasowera.

Tsopano kwa inu anzanga a geni, pakuti ndinu amene mumawerenga tsamba lino. Sindikukuuzani kuti muleke kugulitsa mawotchi. Ndikudziwa mmene mpamba umavutira, inenso ndinagulitsako malamba ndi magalasi a dzuwa nditasiyira panjira sukulu ya ukachenjede, ndipo sindichita nazo manyazi. Wophunzira wa pa koleji akagula "Rolex" ya K15,000 amadziwa chimene wagula, inu mumadziwa, mtsikana amene akufuna kumudabwitsa nayenso amadziwa. Nonse mukusewera sewero limodzi, ngakhale kuti eni dzinalo sangakondwe nalo. Koma kunyamula katundu yemweyo, kukwera naye minibasi mwezi wa June, kukadikira mlimi pakhomo pa banki pa Mponela nkumulumbirira kuti ndi chuma chosungira ndalama, kumeneko si kuchenjera pa malonda. Ndi kuba, kungoti wakubayo wavala tayi. Ndipo mukudziwotchera nokha msika. Mlimi amene wapusitsidwa kamodzi, chaka chamawa sadzakhulupirira foni yanu, sola yanu, ngakhale mbewu yanu yeniyeni. Kumudzi nkhani imayenda msanga kuposa galimoto za Senna.

Malamulo alipo. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda. Koma munthu akadandaule za ndani, pamene wogulitsa alibe sitolo, alibe dzina, ndipo risiti sanapereke? Apa ndi pamene makomiti a m'misika akanayenera kudzuka. Amadziwana onse. Mlendo wa chikwama akafika nyengo ya fodya amamuona, ena amamwa naye tiyi.

Inu ophunzira, amene tchuthi chikafika mumakwera kupita ku Mvera, ku Malomo, ku Nambuma, muli ndi intaneti m'thumba. Mtengo weniweni wa chinthu chilichonse mukhoza kuupeza pa mphindi imodzi. Ife kwathu tinalephera pamenepa. Amalume ali ndi nambala yanga, koma sanandiimbire asanalipire, chifukwa ulendo wina atandifunsa za foni ndinawayankha mothamanga ngati akunditayitsa nthawi. Mlandu umenewo ndi wanga.

Ndinawauza madzulo ake, titakhala awiri kuseri kwa resitihausi. Ndinawaonetsa mabatani osagwira ntchito, ndinawaonetsa pa foni mtengo wa yeniyeni. Anakhala chete nthawi yaitali, akuitembenuza m'manja. Kenaka anati: "Azimayi kunyumba ndinawauza kuti ndalama ya malata ndaisunga pabwino." M'mawa tinazungulira Mponela yense, ku depoti, kumsika, kumabala. Wina anati mnyamatayo anamuona akukwera ya ku Kasungu, kumene fodya wa ku Chinkhoma anali akugulitsidwabe.

Wotchiyo inaima patatha milungu isanu. Mmisiri wa pakhonde atatsegula kumbuyo anapeza kamakina ka pulasitiki kochepa ngati ndalama yachitsulo, ndi mphete ya chitsulo yoikidwamo dala kuti izilemera. Anaika batire latsopano, ikuyendanso. Amalume amaivala popita kutchalitchi, ndipo nyumba ija chaka chino aifoleranso ndi udzu.