Safunsa adadya phula, ngakhale pogula zida za kompyuta

Mwezi wathawu mphwanga wa ku Ndirande adatulukira kwathu atasenza kompyuta yake ngati mtolo wa nkhuni, nkhope ili yakugwa. Mnyamatayu adakhala miyezi isanu ndi itatu akusunga tindalama ta maganyu kuti agule graphics card yosewerera mpira uja tonse tidazolowera kuutcha FIFA, ngakhale kuti eni ake adausintha dzina mu 2023 nkukhala EA Sports FC. Adapita m'tauni, adaona khadi yonyezimira yolembedwa RX 580, ndipo mwini sitolo adamutsimikizira kuti igwira pa kompyuta iliyonse, nkumupatsanso kachingwe kolumikizira magetsi. Atafika kunyumba gemu itangoyamba, kompyuta idazima yokha. Atabwerera kusitolo kuja adangolozeredwa chikwangwani cha pakhoma chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Ndikulemba izi chifukwa mphwangayu sali yekha. Tisanamizane, chida chilichonse cha m'kompyuta chimalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwana wa bwana akalakwitsa pogula amangogula china mawa, koma mwana wa mayi wogulitsa mandasi akalakwitsa ndiye kuti chaka chathunthu chapita m'madzi. Nchifukwa chake ndikuti munthu wa ndalama zochepa asayambe ndi funso lakuti ndigule chiani. Ayambe wafufuza kuti chikudwala m'kompyuta mwakemo nchiani.

Kufufuzaku sikulira ndalama ayi. Yatsani gemu yanu, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, nkutsegula pomwe palembedwa Performance. Pamenepo kompyuta imaulula yokha. Ngati disk yaima pa 100 peresenti, vuto ndi hard disk yakale yozungulira ija, ndipo mankhwala ake ndi SSD, yomwe mtengo wake sufika pa wa khadi yabwino. Ngati memory yadzaza, onjezerani RAM ifike 16 GB, ndipo zigawo ziwiri za 8 GB zimathamanga bwino kuposa chigawo chimodzi cha 16 GB. Koma yambani mwadziwa mtundu wa RAM yanu, pakuti DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana malo. Ngati CPU ndiyo ili pa 100 pamene GPU ikungopuma, khadi yatsopano siikuthandizani, mwangogulira ngolo yatsopano ng'ombe yotopa. Khadi igulidwe pokhapokha GPU ndiyo ikubanika.

Ndipo ngakhale pamenepo, tsegulani kaye bokosi muwerenge zolembedwa pa power supply. Apa mpamene mphwanga adagwera. Makompyuta ambiri omwe achinyamata tili nawo ndi akale a m'maofesi, ndipo yake idali ndi power supply ya mawati 240 okha. RX 580 payokha imadya mawati 185, ndipo opanga ake a AMD amalangiza power supply ya mawati 500. Kachingwe kaulere kaja sikapanga magetsi, kamangokoka pomwe palibe. Chikhala kuti adafunsa, akadamva kuti GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 zimadya pafupifupi mawati 75, kuti mitundu yambiri ya makhadi awiriwa safuna chingwe chapadera, komanso kuti GTX 1050 Ti ndiyo khadi yomwe opanga EA Sports FC 24 adalemba ngati poyambira. Khadi yaing'ono yogwira ntchito iposa yaikulu yokhala m'kabati.

Tikambeponso za makhadi ogwiritsidwa kale ntchito, poti ndiwo thumba lathu limafikako. Mu September 2022 ndalama ya pa intaneti ya Ethereum idasiya kukumbidwa ndi makhadi, ndipo makhadi omwe adagwira usana ndi usiku kwa zaka adatayidwa pamsika wa dziko lonse, RX 580 ili m'gulu lomwelo. Sikuti onse ndi oipa, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pali ina yotchedwa RX 580 2048SP, yomwe idapangidwira msika wa ku China, ndipo ili ndi ma shader 2048 pamene RX 580 yeniyeni ili nawo 2304. Palinso makhadi akalekale omwe akamberembere amawasintha dzina kuti azioneka atsopano. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa zam'kati mwa khadi, ndipo achinyengo ambiri imawayalutsa. Pitani nayo pa flash, muuzeni wogulitsa alumikize khadiyo, gemu isewere mphindi makumi awiri inu mukuona. Akakana, nyamukani ndi ndalama zanu.

Zina ziwiri zomwe ogulitsa sakonda kutchula. Choyamba ndi magetsi athu. Tonse tikukumbukira mdima womwe udadza namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 nkuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo ngakhale malowa adakonzedwa mu 2023, magetsi othimathima sadatsanzike. Amene wagula khadi nkusiya chotetezera magetsi, kapena UPS ngati thumba lilola, akusewera juga. Chachiwiri, kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo. Choncho musakwirire chuma chanu chonse m'kompyuta yokalamba. Gulani zida zomwe mungasamuke nazo, monga SSD ndi khadi. RAM ya DDR3 idzatsalira m'bokosi lakalelo.

Ndikudziwa kuti akuluakulu ena atawerenga mpaka pano akupukusa mitu, ati chimanga chadula chonchi inu mukukamba za magemu. Ndikuwamva. Koma ndalamazo mnyamatayo adazikhetsera thukuta yekha, sadabe ayi, ndipo mwana amene watsegula kompyuta nkudziwa kusiyanitsa RAM ndi purosesa waphunzira ntchito yomwe mawa ingamudyetse. Chomwe chiyenera kutikwiyitsa ndi wamalonda amene amaona umbuli wa mwana ngati munda wake.

Makolo athu adaima pamizere pa 14 June 1993 kukana ulamuliro wa chipani chimodzi, pomwe kufunsa funso kudali mlandu. Nanga bwanji ife ana awo tikalowa m'sitolo timagwada pamaso pa munthu yemwe akufuna ndalama zathu, nkumaopa kufunsa kuti tingaoneke achimidzi? Chikwangwani cha pakhoma si lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilipo kuti lizimva madandaulo a anthu onamizidwa pamalonda. Koma pokadandaula pamafunika umboni, ndiye musatuluke m'sitolo opanda lisiti lolembedwa dzina la chida ndi masiku a chitsimikizo chake. Mphwanga adalibe lisiti.

Khadi ija tidaigulitsa motchipa kwa mnyamata wina yemwe ali ndi power supply yoyenera. Ndalama zomwe zidatsala zidakwanira GTX 1050 Ti yakale, yomwe tidaiyesa kaye pamaso pa mwini wake. SSD ikudikira maganyu a mwezi wa mawa. Padakali pano mpira ukuseweredwa ku Ndirande, ndipo mphwanga wandichinya kale katatu.