Kapepala ka autoteste m'nsonga ya citenje



Sabata yatha ana ataweruka, amayi a mwana wina wa m'kalasi mwanga anatsalira pakhomo. Anamasula nsonga ya citenje n'kutulutsa kapepala. "Aphunzitsi, tandiwerengereniko, koma musauze munthu." Kanali kapepala ka m'paketi ya autoteste, kacipangizo kodziyezera wekha HIV. Anawapatsa ndi mng'ono wawo wa ku Tete. Asanapatsidwe sankadziwa n'komwe kuti cinthu cotere ciliko.

Ndinawamasulira m'Cinyanja. Umapukuta nkhama zam'mwamba ndi zam'munsi, n'kuviika kacipangizoko m'kabotolo kake, n'kudikira mphindi 20. Mzere umodzi pa C ndiye kuti kacilombo sikanapezeke. Mizere iwiri si cigamulo ayi, upite kucipatala akatsimikize ndi magazi. Amene akumwa kale ma ARV asakagwiritse nchito, kangawanamize kuti alibe.

Ena amati amayi akumudzi safuna kudziwa. Ine ndikukana. Bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2016, koma uthenga wake umatsata ndalama ndi sukulu. Mayi wa ku Ulónguè amene anafika ku sekondale, ali ndi kabizinesi pamsika komanso foni yakeyake, angathe kuziona pa Facebook kapena kufunsa namwino m'Cipwitikizi mopanda mantha. Nanga mnzake wolima mbatata ya kacewere kutali ndi msewu? Foni ndi ya bambo. Wailesi amayenda nayo bambo. Ndalama ya mbatatayo imalowa m'thumba la bambo, ndiye yokwerera njinga yamoto kupita kucipatala ayenera kucita kupempha, n'kunenanso cimene akukacita. Za kuyezetsa amazimva kusikelo akakhala ndi pakati. Akafika n'kupeza zomata pakhoma zili m'Cipwitikizi, amangoona zithunzi.

Ndipo kudziwa kokha sikukwanira. M'nyumba ya cipinda cimodzi akabisa pati? Bambo akakapeza, funso ndi lakuti, "Ukundikayikira, kapena wayenda ndi ndani?"

Ife si anamwino, ndikudziwa. Koma pamsonkhano wa makolo amayiwa amabwera ambiri kuposa abambo. Tingapemphe wa zaumoyo abwere ndi paketi imodzi, aitsegule pamaso pa onse, afotokoze m'ciyankhulo cathu. Abambo tiwaitane mwapadera, amve okha kuti nawonso kakuwakhudza.

Amayi aja anamanganso kapepalako m'citenje. Anati adziyeza tsiku la msika, bambo akacoka.