Galu wa mkomboni ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndife



Inu amene mufika ku market cha m'ma 05 hours mudziwa kale zimene ndifuna kukamba. Musanayale saka, musanaunjike matimati, nchito yoyamba ndi kufuna kakatoni kochotsera matuvi a galu pamalo panu. Amai anga agulitsa repu ndi chibwabwa kuyambira ndili mwana. Tsiku lina kasitomala anaponda matuvi patsogolo pa tebulo yao, anabweza ndiwo zimene anali atanyamula kale, napita. Amai sanalakwe kanthu, ndipo alibe ngakhale galu, koma tsiku limenelo anataya ndalama ndi ulemu.

Ku Soweto, ku Chawama, ku Matero, ku Mtendere, nkhani ndi imodzi. Tikaona agalu pa dothi ya market timakamba kuti "ni imbwa za mu road chabe". Koma tikambe zoona. Ambiri a agalu awa ali ndi kwao. Usiku timawamasula kuti alonde nyumba, geti ili yotsegula kapena mpanda kulibe, ndipo galu wanjala apita kumene kuli mitu ya nsomba ndi matumbo a nkhuku. Ena a ife amene tidandaula m'mawa ndife tinamasula galu madzulo.

Bvuto si fungo chabe. M'matuvi a galu mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Mazirawa satha pamene matuvi auma, akhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale zaka. Ganizani za mwana amene akwawa pansi pa tebulo pamene amake apatsa chenji. Agwira dothi, aika chala mkamwa. Tinjoka tina tikalowa m'thupi mwa mwana tingafike mpaka m'diso ndi kuliononga. Tina tilowera pakhungu la phazi mwana akayenda wopanda nsapato. Nanga ntchentche zimene zichoka pa matuvi n'kutera pa kapenta ndi pa vitumbuwa?

Ndiye pali chiwewe, chimene ambiri timachitcha rabies. Bungwe la WHO linena kuti matendawa apha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pafupifupi onse awatenga kwa galu. Ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kulibe mankhwala. Galu akakulumani kapena akaluma mwana, tsukani chilonda ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Osayembekeza kuti mutsirize kugulitsa. Katundu mungasiyire mnzanu wa tebulo yapafupi.

Tisanamizane, kolera siichokera kwa galu. Koma mukumbukira Januwale 2018, pamene misika inatsekedwa mu Lusaka ndipo asilikali analowa m'misewu. Amene anaola nao katundu, amene anadya kapito, anali inu. Market ikaoneka yauve, oyendera zaumoyo safunsa kuti galu ndi wa ndani, atseka chabe.

Manje tichite chiyani? Ngati muli ndi galu, lamulo la Control of Dogs Act lifuna kuti alembetsedwe ndipo alandire katemera wa chiwewe. Mwana wa galu alasidwa nyeleti yoyamba akafika miyezi itatu, ndipo mubwereza monga momwe a vetenale akuuzirani. Sungani khadi yake bwino monga musungira khadi ya mwana ya ku sikelo. Mupatseni mankhwala a njoka za m'mimba. Mudyetseni kunyumba kuti asafune chakudya ku market, ndipo usiku alonde mkati mwa yadi. Akachita chimbudzi panjira inu mulipo, tolani ndi pulasitiki kapena fosholo, mukataye m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire mozama. Palibe manyazi pamenepo. Ngati simungakwanitse kusunga ana a galu asanu ndi mmodzi, funsani a vetenale za kutseka chibaliro, osati kukataya tiana ku dothi ya market. Ndipo chonde, osathira poizoni. Nyama ya poizoni siisankha pakamwa, ingadyedwe ndi nkhuku za aneba kapena kutoledwa ndi mwana.

Mbali ina ndi ya khansolo. Mulipira levy tsiku ndi tsiku, olo malonda avute. Ndalama imeneyo iyenera kuoneka: dothi itoledwe isanasefukire, mpanda wa market ukonzedwe, geti itsekedwe usiku. Galu sabwera kumene kulibe chakudya. Kubwera ndi mfuti kudzawombera agalu munthu atalumidwa kale sikuthetsa kanthu, chifukwa dothi ikakhalapo agalu ena afika. Akatswiri a zaumoyo anena kuti agalu 70 pa 100 alionse m'dera akalandira katemera, chiwewe chileka kufalikira. Ndiye katemerayo abwere pafupi ndi anthu, pa market pomwe, pa tsiku lolengezedwa bwino, osati kuyembekeza 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, kuti tijambulitse zithunzi.

Pa miting'i ya komiti ya market yotsatira, imirirani mufunse acheyamani mafunso awiri: dothi itoledwa liti, ndipo a vetenale abwera liti? Funsaninso akhansala a wadi yanu, chifukwa voti anaipempha kwa inu. Koma musanapite kumeneko, yang'anani pa yadi panu lero madzulo. Galu wanu agona kuti, ndipo khadi yake ya katemera ili kuti?

Tiuzeni momwe zilili ku market yanu, ndipo muwerengereko amai amene alibe foni ya Facebook.

Ndine mwana wanu,
Mlembi wa achinyamata